“Ndidzawaonetsa”: Kodi Mkwiyo Ungalere Woimba?

Nyimbo yanga yoyamba ndinaijambulira ku Chawama, m'kacipinda ka mnzanga m'mene munali kompyuta yakale, maiki imodzi ndi matiresi awiri oimikidwa kucipupa kuti phokoso la ana a panja lisalowe. Ndalama zolipirira ndinazipeza posenza matumba a simenti kwa milungu itatu. Tsiku limene nyimboyo inatha, ndinaiika m'foni ndi kuthamangira kunyumba. Ndinapeza amalume ali pabwalo, akupukuta nsapato zao za kunchito. Ndinawapatsa foni ndi manja awiri. Anamvetsera mpaka pakati pa vesi loyamba, anandibwezera, kenaka anaseka monga mmene munthu amasekera mwana amene wavala jekete la atate ake.

“Mwana iwe, ndiye vamene unatayila ndalama ivi? Sakila nchito. Nyimbo sibadya.”

Sindinayankhe, cifukwa kwathu wamkulu sabwezeredwa mau. Koma usiku umenewo ndinatenga kope limene ndinali kulembamo nyimbo, ndipo pacikuto cake ndinalemba liu limodzi ndi zilembo zikuluzikulu: NDIDZAWAONETSA. Liu limeneli linandiyendetsa zaka 6.

Ndidziwa kuti si ine ndekha. Lowani m'situdiyo iliyonse ya ku Kanyama, Matero, Mtendere kapena Garden, mudzalipeza liu limeneli pakamwa pa mnyamata kapena mtsikana amene akuyembekezera nthawi yake yoima pa maiki. Lili pa status ya WhatsApp, lili m'mavesi onena za ma hater, lili m'mau a woimba amene wangolandira mphotho n'kuyamba kuthokoza onse amene sanamukhulupirire. Aliyense wa ife ali ndi amalume ake. Kwa wina ndi mphunzitsi amene anamuuza kuti sadzakhala kanthu. Kwa wina ndi cibwenzi cimene cinamusiya cifukwa analibe ndi ya basi yomwe. Kwa winanso ndi DJ amene anaponya flash yake m'thumba osaitsegula n'komwe.

Funso limene landivutitsa ndi ili: kodi ndi bwino kumanga moyo wa luso pa cifuno cocititsa manyazi amene anatinyoza? Ndipo ngati cifuno cimeneco ndico cimatidzutsa m'mamawa ndi kutilembetsa nyimbo, colakwa cake n'ciani?

Ndiyambe ndi kuupatsa mkwiyo ulemu wake. Mwana wa m'komboni amakula akumva kuti malo ake ndi kumbuyo. Akachula kumene akhala pofunsira nchito, nkhope ya womufunsa imasintha. Akanena kuti afuna kukhala woimba, abale amayamba kumuwerengera pa gulu la oledzera asanalawe n'komwe mowa. Munthu wotere akakwiya, ndiye kuti m'kati mwake muli kanthu kamene kakana kufa, kamene kakunena kuti inenso ndine munthu. Amene sakwiya konse ponyozedwa, nthawi zambiri amakhala atavomereza kale kuti onyozawo akunena zoona. Ine mkwiyo unandicotsa pa kona pamene anzanga anali kuotha dzuwa tsiku lonse. Unandiletsa kumwera ndalama za situdiyo. Unandikhalitsa maso usiku ndi kope pa maondo pamene nyumba yonse ili m'tulo. Sindingaunyoze.

Koma mkwiyo uli ngati kapulasitiki kamene timayatsira mbaula. Kamagwira moto msanga, ndipo popanda iko malasha onyowa amavuta kuyaka. Komatu palibe amene anaphikapo nyemba ndi pulasitiki yekhayekha. Ukapitiriza kuponyapo, utsi ndi umene umadzaza nyumba, nyemba zili gwa. Ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti utsi umenewo unandilanda zinthu zitatu.

Coyamba cinali makutu. M'caka cacitatu ndinakumana ndi produsa wina wacikulire ku Kabwata, munthu amene anaimbapo gitala m'mabandi a kalindula. Atamva kolasi yanga kawiri, anaimitsa biti nati: “Mufana, mau yako yagwa ukafika pamwamba apa. Upuma pa malo yolakwika. Bwela mailo tiyambe na kupuma, kujambula tizaona kutsogolo.” Ine ndinamva amalume akulankhula ndi pakamwa pa munthu wina. Ndinatenga flash yanga n'kupita kwa mnyamata wina amene anali kuthira Auto-Tune pa ciliconse, ndipo ukamulipira ankakuuza kuti nyimbo yako ndi moto. Usiku womwewo ndinalemba vesi lonena za madala ansanje. Zaka ziwiri zinapita ndikuimba kunja kwa kiyi, mutu uli m'mwamba.

Apa nkhani yacoka pa luso, yafika pa khalidwe. Pali wonyoza ndipo pali wodzudzula. Wonyoza amanena za iwe: sudzakwanitsa, ndiwe wacabecabe. Wodzudzula amanena za nchito: vesi laciwiri latalika, mau akugwa apa. Wonyoza akatha kulankhula amacoka, pamene wodzudzula amati ubwere mawa. Koma munthu amene mtima wake wadzala ndi “ndidzawaonetsa” sasiyanitsa awiriwa, cifukwa dziko lonse waligawa pawiri, ondikonda ndi ondida. Popeza palibe luso limene limakula popanda kukonzedwa, iye amadzitsekera yekha khomo lokulira, ndipo kutsekako amakucha kulimba mtima. Akulu anati safunsa anadya phula. Ife tapitirira pamenepo: sitifunsa, ndipo amene watiuza kuti ici ndi phula timamucha hater.

Amene ananditsegula makutu anali mai wina wotsogolera kwaya kuchalichi kwa amai anga. Tinali pa maliro a mnansi, usiku, tikuimba pafupi ndi moto. Nyimbo itatha anandikokera pambali nati: “Muli ndi mau abwino, bambo, koma mumawakankha ndi pakhosi. Mpweya uzicokera m'mimba.” Mwina cifukwa panali pa maliro, pamene palibe womuonetsa kanthu, ndinamva. Miyezi 8 ndinaima kumzera wa kumbuyo wa kwaya, Lacitatu lililonse ndi pa Ciweru. M'kwaya suimba kuti umveke wekha. Umamvetsera wa kumanzere ndi wa kumanja, ndipo ukacoka pa kiyi nkhope za anzako zimakuuza nthawi yomweyo. Ndi kumeneko kumene ndinaphunzira zimene mdala wa ku Kabwata anafuna kundipatsa kwaulere zaka ziwiri m'mbuyomo.

Caciwiri cimene mkwiyo unandilanda ndi ufulu. Zimamveka zodabwitsa, cifukwa wokwiya amadziona ngati mfumu ya moyo wake. Koma taganizani. Ngati ndikuimba kuti amalume acite manyazi, ndani akusankha nyimbo zanga? Ndi amalume. Zimene zingawacititse manyazi ndi ndalama, galimoto ndi nkhope yanga pa TV, conco ndidzalemba ciliconse cimene cingandifikitse kumeneko msanga. M'kope langa munali nyimbo ina yofatsa, yonena za amai akuwerenga ndalama za tomato usiku pa kandulo, akuzigawa timiulu: ka lendi, ka unga, ka sukulu, ka oda ya mawa. Sindinaijambule, cifukwa ndinaona kuti singavinitse munthu. M'malo mwake ndinajambula nyimbo zinai zotengera biti imene inali kuvuta m'mabasi caka cimeneco, ndikudzitama ndi mowa umene sindinaulawepo ndi magalimoto amene sindinawakwerepo. Munthu amene ndinali kumukwiyira ndiye anali kundilembera mavesi, iye osadziwa.

Kapolo wa maso a anthu amakhalanso wothamanga. Sangadikire kuti luso lipse, popeza omunyoza akuyang'ana lero. Ndaona anzanga akutenga kaloba kuti ajambule vidiyo panyumba yobwereka ku Kabulonga. Ndaona ena akugula ma views kuti nambala ioneke yaikulu pa YouTube, kenaka tsiku la sho n'kupeza mipando ndi imene yabwera yambiri kuposa anthu. Zanga ndi zocititsa manyazi kuposa izi. Mwezi umene amai analandira cilimba, ndinawapempha ndalama n'kunena kuti ndi za kosi ya kompyuta. Anandipatsa osafunsa kawiri. Ndalamazo zinapita ku vidiyo imene inaonedwa ndi anthu ocepa, ambiri a iwo ine mwini ndi anzanga. Pofuna kuonetsa munthu amene anandiseka, ndinanamiza munthu amene sanandisekepo.

Cacitatu ndi mtendere, ndipo cifukwa cake ndi ici: “ndidzawaonetsa” ndi lumbiro limene kukwaniritsidwa kwake sikuli m'manja mwako. Kuti uonetse munthu ufunika kuchuka, ndipo kuchuka kumadalira zinthu zambiri zimene woimba sazilamulira. Mbiri ya nyimbo za dziko lathu lomwe lino imaphunzitsa zimenezi bwino kuposa ine.

M'zaka za m'ma 1970 Zambia inali ndi Zamrock. Mabandi monga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya, The Peace ndi Ngozi Family anali kudzaza maholo ku Migodi ndi ku Lusaka. Boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko muno, ndipo marekodi anali kupangidwa ku Ndola. Kenaka mtengo wa kopa unagwa pa misika ya kunja, ndalama zinasowa m'matumba a anthu. Malamulo oletsa kuyenda usiku, pa nthawi ya nkhondo ya ku Rhodesia, anapha masho a usiku. Disco inalowa, ndipo eni mabala anaona kuti kulipira munthu mmodzi woliza marekodi n'kochipa kuposa kulipira bandi yonse. M'zaka za m'ma 1980 matenda a Edzi anatenga oimba ambiri. Palibe cimodzi mwa izi cimene cinacitika cifukwa cakuti oimbawo anacita ulesi kapena anasowa cikhulupiriro.

Emmanuel “Jagari” Chanda, amene anali pa maiki ya WITCH pa nthawi ya alubamu ya Lazy Bones!! ya mu 1975, anali mmodzi wa anthu ochuka kwambiri m'dziko. Pambuyo pake anakhala mphunzitsi, ndipo patapita zaka anali kukumba miyala ya mtengo wapatali kuchire kuti apeze zodyetsa banja. Anzake onse a m'gulu loyambalo anamwalira. Munthu woweruza ndi maso, akanamuona m'dzenje ali ndi piki ndi fosholo, akanati nyimbo zinamutaya. Koma kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbo zakale za WITCH. Mu 2019 kunatuluka filimu ya mbiri ya gululi yokonzedwa ndi Gio Arlotta wa ku Italy. Mu 2023 gululi linatulutsa alubamu yatsopano yochedwa Zango, patapita zaka 39 cicokereni yomaliza, ndipo Jagari, atapitirira zaka 70, anali kulumpha pa masiteji a ku Ulaya ndi ku America.

Paul Ngozi sanakhale ndi moyo wautali wotero. Anamwalira mu 1989. Mu 2024, patapita zaka 35, woimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga cigawo ca nyimbo ya Ngozi Family yochedwa Nizakupanga Ngozi n'kuciika m'nyimbo yake ya Noid. Acinyamata a m'maiko akutali, amene sanamvepo za Lusaka, anamva Cinyanja cikulira m'mafoni ao.

Tsono ndifunse. Kodi Jagari anali woimba wamkulu mu 1975, wacabecabe ali m'dzenje la miyala, wamkulunso mu 2023? Munthu ndi mmodzi yemweyo. Cimene cinali kukwera ndi kutsika ndi maso a dziko. Ngati mtengo wa woimba uli m'maso amenewo, ndiye kuti umayendera pamodzi ndi mtengo wa kopa pa msika wa ku London, ndipo palibe amene angagone tulo atapacika mtima wake pamenepo. Nanga ngati colinga ca nyimbo ndi kuonetsa anthu, Paul Ngozi anaonetsa ndani mu 2024, ali m'manda? Nyimbo yake inakhala ndi moyo cifukwa inapangidwa bwino. Mbali imeneyo yokha ndi imene inali m'manja mwake, ndipo anaicita.

Timakonda kuchula usiku wa mu 2023 pamene Yo Maps anadzaza Heroes Stadium, ndipo ndi bwino kunyadira. Koma pa woimba aliyense wofika pamenepo pali ena ambirimbiri aluso amene sadzafikapo. Tikawauza onsewo kuti moyo wao udzakhala ndi tanthauzo pokhapo atadzaza sitediyamu, ndiye kuti tawaweruza kale kuti ambiri a iwo adzafa ali olephera. Ciphunzitso cotere ndi cankhanza, ngakhale cimabwera citavala mau olimbikitsa.

Nanga munthu aime pa ciani? Aime pa zimene zili m'manja mwake, ndipo coyamba ndi luso lenilenilo. Pakutha pa caka funso lothandiza ndi ili: n'ciani cimene ndikutha kucita lero cimene sindinali kutha caka catha? Kugwira noti yaitali osagwa. Kusintha makodi pa gitala osayang'ana zala. Kudula mizera imene umaikonda koma sikuthandiza nyimbo. Kumva wekha kuti wacoka pa kiyi, munthu asanakuuze. Kuima pamaso pa anthu 20 amene sanabwerere iwe, n'kuwaimbira mpaka aleke kukambirana. Zinthu izi sizioneka pa Facebook ndipo palibe amene adzaziombera m'manja, koma palibenso DJ kapena promota amene angakulande. Zimabwera pang'onopang'ono, monga mmene tsokonombwe anathera mtunda n'kudumpha.

Cina cili m'manja mwako ndi mmene umakhalira ndi anthu amene umagwira nao nchito. Nyimbo imodzi imadutsa m'manja ambiri: wopanga biti, woimba kolasi, wosakaniza mau, wojambula vidiyo, ovina. Woimba wa “ndidzawaonetsa” amawaona onsewa ngati makwerero, popeza maso ake ali kwa munthu wina amene kulibe m'cipindamo. Kukula ndi kulipira mnzako wa biti ngakhale mumadyera mbale imodzi. Ndi kulemba papepala gawo la aliyense nyimbo isanatuluke. Ndi kulembetsa nyimboyo ku ZAMCOPS ndi maina a onse amene anaipanga. Ndi kuchula dzina la mtsikana amene anaimba kolasi imene anthu akuikonda, m'malo mosiya anthu aganize kuti zonse ndi zako. Maubwenzi ambiri a m'situdiyo amafa tsiku limene nyimbo yagunda, cifukwa pamene panalibe ndalama palibe amene anafuna kukamba za ndalama. Munthu angathe kudzaza holo ali wakuba. Kuchuka kwake kudzakhala kwakula, iye ali pomwe anali.

Palinso moto wina umene umayaka nthawi yaitali kuposa mkwiyo, ndiwo kudziwa kuti uli ndi ngongole. Sampa the Great, atapambana kawiri mphotho ya Australian Music Prize, anabwerera kuno n'kupanga alubamu ya As Above, So Below ya mu 2022 pamodzi ndi oimba a kwathu monga Mag44. M'menemo muli nyimbo ya Never Forget, yolemekeza amene anayamba Zamrock, ndipo caka cotsatira mau ake anamveka pa Zango ya WITCH. Woimba amene amayang'ana kwa amene anamutsegulira njira sasowa coimba, cifukwa ngongole yotere siitha. Aliyense wa ife anaphunzira kuimba kwa wina: kwa ambuye oimba pamtondo, ku Sande sukulu, kwa mkulu wake amene anali kuliza makaseti. Ndi zodabwitsa kuti timasunga bwino maina a otinyoza kuposa a otiphunzitsa.

Wina adzati: “Ba mudala, izo ni nzelu za munthu wokhuta. Ine nifuna ya lendi.” Ali ndi mfundo, ndipo sindifuna kuithawa. Kufuna ndalama pa luso lako si chimo. Woimba ndi wanchito monga kalipentala, ndipo amene amamuuza kuti aimbe kwaulere cifukwa adzadziwika amamubera. Tidziwanso kuti nyimbo ikamvedwa kamodzi pa Spotify kapena Boomplay imalipira kandalama kakang'ono kwambiri, kotero kuti pafunika anthu zikwizikwi kuti ugule thumba la unga. Njala ndi yeniyeni. Koma pali kusiyana pakati pa kufuna ndalama kuti udye ndi kudyetsa ako, ndi kuzifuna kuti wina acite manyazi. Kufuna koyambako kuli ndi malire, cifukwa lendi ikalipidwa umapuma. Kwaciwiriko sikukhuta, popeza nthawi zonse pamapezeka wina amene sanagwadebe.

Ndipo apa ndiyenera kuvomereza cinthu cimene cinandiwawa kuvomereza: theka la mau a amalume linali loona. Kusaka nchito sikupereka nyimbo kwa adani. Lero ndimakonza mafoni masana pa kantemba kena, ndipo nchito imeneyo yandigulira mphamvu yokana. Ndingakane sho yopanda malipiro. Ndingakane kusaina pepala limene sindinaliwerenge. Ndingakane kuimba vesi lotukwana akazi cifukwa promota akuti ndi zimene zikugula. Wanjala sakana, amangosaina. Mnyamata amene wasiya sukulu kapena nchito kuti aonetse abale kuti iye ndi woimba weniweni, nthawi zambiri amathera m'manja mwa munthu woyamba amene wamuonetsa ndalama.

Mayeso anga anafika mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lonse. Masitudiyo a m'komboni, amene alibe jenereta kapena sola, anali kugwira nchito pakati pa usiku kapena kutseka. Panalibe cotulutsa, panalibe coika pa intaneti, ngakhale foni yomwe inali kukhala yozima. Anzanga ena anasiyira pomwepo, ndipo sindiwaweruza. Koma ndinaona kuti amene anali kuimbira maso a anthu anasowa cocita maso atazima. Ine ndinabwereka gitala kwa mnyamata wa m'kwaya, ndipo madzulo ndinali kukhala pakhonde mu mdima. Ndi pamenepo pamene ndinatsegulanso nyimbo ija ya timiulu ta ndalama za tomato. Ndinaikonza miyezi itatu. Usiku wina ndili pa vesi lomaliza ndinamva kuti m'nyumba mbale zaleka kulira. Amai anali ataima kuseri kwa citseko. Usiku umenewo ndinawauza zoona za ndalama ya cilimba. Anati anadziwa kalekale, popeza palibe kosi ya kompyuta imene munthu amapitako atavala magalasi akuda. Ndinawabwezera pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi.

Nyimboyo ndinaijambulira kwa mdala wa ku Kabwata. Ndinapita ndi manyazi, ndipo iye sanandikumbutse kanthu, anangoti ndiime pa maiki ndipume. Siinagunde dziko. Inaulutsidwa pa wailesi ina ya m'dera tsiku la Sondo masana, ndipo azimai ena a pamsika anayamba kundipempha kuti ndiwaikire m'mafoni. Madzulo a tsikulo ndinapita kwa amalume, m'kamwa muli mau amene ndinakhala ndikuwanola zaka zonse zija. Ndinawapeza ataitana anansi.

“Uyu ni mwana wa mlongo wanga uyu! Kuyambila ali mung'ono nenze kuziba kuti azaimba.”

Anansi atapita ndinawakumbutsa mwaulemu za tsiku lija la nsapato. Anandiyang'ana modabwa.

“Ine? Ninakamba so?”

Sanali kunama. Iwo anaiwala madzulo omwewo, ine ndinawasenza zaka 6. Ndipo pamene ndinawayang'ana bwino, ndinaona munthu amene pa nthawi ija anali kudyetsa nyumba ziwiri ndi malipiro amodzi, amene anaona mwana wa mlongo wake akutaya ndalama za milungu itatu pa cinthu cimene iye sanaonepo cikudyetsa munthu. Kuseka kuja kunali kwa mantha. Kunandipweteka ndithu, ndipo wamkulu ayenera kudziwa kuti liu limodzi lingalemaze mwana. Koma mdani amene ndinali kulimbana naye usiku uliwonse ndinamuumba ndekha.

Yankho langa pa funso lija ndi lakuti mkwiyo ungamudzutse woimba, koma kumulera sungathe. Ngati ndi umene wakuyatsa, usacite nao manyazi. Uthokoze, kenaka ufunefune malasha. Udzadziwa kuti nthawi yosintha yakwana ukayamba kuda aliyense wokukonza, ukayamba kubisa nyimbo zako zoona cifukwa sizingacititse munthu nsanje, kapena ukayamba kupweteka okukonda pofuna kugonjetsa osakuganizira n'komwe.

Kope lija ndikali nalo. Liu la pacikuto sindinalifafanize, cifukwa linandinyamula pamene ndinalibe cina. Pansi pake ndinalemba anthu atatu: amai, mdala wa ku Kabwata ndi mai wa kwaya. Ndikaima pa maiki masiku ano, iwo ndi amene amakhala m'mutu mwanga, ndipo mmodzi wa iwo amandiuzabe kuti ndapuma pa malo olakwika. Iwe amene ukuyembekezera nthawi yako pa benchi ya situdiyo, flash ili m'manja, dzifunse usanalowe kuti m'mutu mwako mwakhala ndani. Ameneyo ndiye adzasankha nyimbo imene uti uimbe.